Banja Latha, Koma Banki Siikudziwa

Ankhoswe akakhala pansi kawiri katatu n'kulephera kuyanjanitsa banja, katundu wa m'nyumba amagawidwa aliyense akuona. Mbale, mipando, mbuzi, ngakhale matumba a chimanga amawerengedwa poyera. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi akaunti ya ku banki imene awiriwo anatsegula limodzi masiku amene zinthu zinali bwino. Ife takhala tikumva nkhani zake m'makomo mwa abale ndi anansi, ndipo zimafanana. Mayi apita pa ATM kukatapa fizi ya mwana, makina n'kuwauza kuti mulibe kanthu. Bambo akafunsira ngongole ya feteleza patapita zaka ziwiri, n'kuuzidwa kuti dzina lawo lili kale ndi ngongole ina imene iwo sanaidyeko n'komwe.

Gwero la mavutowa ndi limodzi. Banki sikhala nawo pabwalo la ankhoswe, ndipo palibe amene amaiuza kuti wina wanyamula zovala n'kubwerera kwawo. Iyo imatsata pepala limene munasaina tsiku lotsegula akaunti. Pa fomu ija panali funso limene ambirife tinayankha mothamanga: potapa ndalama azisaina ndani? Ena anasankha kuti azisaina onse awiri. Ambiri anasankha kuti aliyense azitha kutapa payekha, chifukwa ndi zosavuta pamene wina ali ku ntchito wina ku msika. Ngati munasankha njira yachiwiriyi, mnzanuyo akhoza kutapa ndalama zonse mawa m'mawa, ndipo banki sikhala italakwa chilichonse. Nkhani yakuti ndalamazo zinali zanu, za fodya kapena za malipiro anu, mukaikamba ku khoti, osati pa kauntala.

Ngongole ndiye imaluma kwambiri. M'mapangano ambiri a akaunti ya anthu awiri, banki ili ndi ufulu wolonjerera ngongole yonse kwa aliyense wa inu, osati theka. Ngati akauntiyo imaloledwa kutapa kupitirira ndalama zimene zilimo, mnzanu akatapa n'kusowa, kalata imabwera kwa amene akupezeka. Ngakhale akaunti yongosiyidwa osaigwiritsa ntchito imatha kumadulidwabe ndalama mwezi ndi mwezi mpaka kulowa m'ngongole. Ndipo kuyambira pamene dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo la mabungwe osunga mbiri ya ngongole mu 2010, ngongole yosabwezedwa ku banki imodzi imatha kukutsekerani khomo ku banki ina.

Mayesero a usiku woyamba

Tikudziwa malangizo amene anzathu amapereka mtima ukadali wotentha: "Thamanga, katape zonse asanakutsogolere." Ife sitikugwirizana nawo. Sitetimenti ya ku banki imalemba tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama iliyonse yotuluka, ndipo pepala limenelo lidzawerengedwa pamaso pa ankhoswe kapena woweruza. Amene anasesa akaunti usiku amayamba mlandu ali kale ndi banga, ngakhale atakhala kuti ndiye anali wolakwiridwa m'banjamo. Komanso ndalama imene mwasesayo mwina ndi yomwe imayenera kulipira lendi ya nyumba imene ana anu akugonamo.

Malamulo sanamusiye munthu pamtetete. Gawo 24 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la chuma chimene anali nacho limodzi ndi mwamuna wake ukwati ukatha. Lamulo la maukwati, kusudzulana ndi ubale wa m'banja la 2015 limauza khoti kuti pogawa chuma liganizirenso ntchito za pakhomo. Choncho mayi amene sanaikemo tambala m'akauntimo, koma ndiye amaphika, kuchapa ndi kulera ana, asadziyese mlendo pa ndalamazo. Ngati mukufunikadi ndalama ya chakudya kapena mankhwala nkhani isanaweruzidwe, tapani yokwanira chosowacho, sungani malisiti, ndipo mudziwitseni mnzanuyo pa uthenga wolembedwa. Mawu apakamwa amakanidwa.

Musayambe ndi kutseka

Kutseka ndi ntchito yomalizira. Choyamba pemphani sitetimenti ya miyezi ingapo yapitayi, mukhale nayo pansi ndi cholembera. Anthu ambiri amadabwa kuona zinthu zimene zimadulidwa zokha: inshuwalansi ya maliro, ngongole ya njinga yamoto, ndalama yopita ku sukulu. Chilichonse mwa izi chiyenera kupezeredwa kolowera. Inshuwalansi ya maliro ikasiya kulipidwa imatha kufa mwakachetechete, ndipo banja limadziwa tsiku la zovuta.

Kenako tsegulani akaunti yanuyanu ndi kupereka nambala yatsopano kuntchito. Chitani izi mwezi ukadali kuchiyambi, pakuti a zamalipiro akatseka mabuku awo, malipiro anu adzagwerabe m'akaunti yakale ija. Musaiwale foni. Masiku ano akaunti zambiri n'zolumikizidwa ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo m'mabanja ambiri nambala yachinsinsi imadziwika ndi onse awiri, nthawi zina ndi mwana wamkulu yemwe. Sinthani nambala zachinsinsi za zinthu zimene zili m'dzina lanu, ndipo funsani ku banki kuti mauthenga a ndalama zolowa ndi zotuluka akupita pa foni ya yani.

Zikatere mpamene mungapite kukatseka. Mabanki ambiri amafuna kuti nonse awiri musaine, aliyense ali ndi chiphaso chake cha unzika, ndipo salola kutseka ngongole isanathe. Gwirizanani za kagawidwe musanafike pa mzere wa ku banki. Wogwira ntchito pa kauntala si nkhoswe. Ena amaona chanzeru kulemba mgwirizanowo pa pepala pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kapena mkulu wa mpingo amene onse amamukhulupirira. Kukhala pa benchi limodzi kwa ola lathunthu ndi munthu amene wakusweka naye mtima si chinthu chopepuka, koma n'kopepuka kusiyana ndi miyezi yosagona tulo, ukudzidzimuka nthawi iliyonse foni ikalira.

Tinenepo pang'ono za achinyamata. Otomerana ambiri amatsegula akaunti yosonkhera ndalama za ukwati, ndipo chitomero chikatha m'akauntimo mumakhala muli ndalama za amalume, azakhali ndi anzawo a kuntchito. Zimenezo si za awiriwo ayi. Kope la komiti ya ukwati litsegulidwe, aliyense abwezeredwe zake, zotsalazo ndiye mugawane.

Nanga mnzanuyo akakana, kapena wapita kutali osayankha foni? Lemberani kalata woyang'anira nthambi ya banki yanu, kumudziwitsa kuti eni akauntiyo asemphana, ndipo pemphani kuti ndalama isatuluke popanda nonse kusaina. Banki ikamva za mkangano nthawi zambiri imaimitsa akauntiyo. Dziwani kuti ikaimitsidwa inunso simutapamo kanthu, n'chifukwa chake tati muyambe mwasamutsa malipiro anu. Sungani kalata ina yofanana nayo yodindidwa chidindo cha banki. Ngati mwadandaula koma simukuthandizidwa, nkhani ikhoza kupita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse m'dziko muno. Pa kagawidwe ka ndalamazo, amene sangakwanitse kulipira loya akhoza kufikira a Legal Aid Bureau.

Ngati munachoka m'banjamo chifukwa cha nkhanza, musakakamizike kukumana ndi munthuyo pa nkhani ya siginecha. Pitani nokha ku banki, fotokozani mmene zilili, ndipo dziwitsani a nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Khoti likhoza kulamula zotsalazo inu muli kutali naye.

Tsiku lotseka likafika, bwezani makadi onse a ATM ndi buku la macheke ngati linalipo, ndipo musachoke popanda kalata yotsimikizira kuti akauntiyo yatsekedwa ndipo ilibe ngongole. Ikani kalatayo pamodzi ndi mapepala ena ofunika a pakhomo. Pomaliza imbirani onse amene anazolowera kutumiza ndalama pa nambala yakaleyo: wochita lendi m'nyumba yanu, wogula soya, ndi achimwene a ku Joni amene amatumiza kangachepe mwezi ukatha.