Kuyesa Mphamvu za Anthu pa Chilala: Za ku Chiponde ndi ku Nyanja

Pa 23 March 2024 Boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'tsoka chifukwa cha chilala cha El Niño. Pambuyo pake komiti ya MVAC, imene imayesa za njala chaka ndi chaka, idapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzasowa chakudya. Ziwerengero zotere zithandiza Boma pogawa chimanga, koma zimangonena kukula kwa bala. Funso lina latsala: kodi mudzi uti ungathe kudzukanso wokha, ndipo uti sungathe?

Tiyeni tione boma la Mangochi. Pa pepala ndi boma limodzi, komatu munthu wa ku Chiponde, kumtunda kumalire a Mozambique, sakhala monga mnzake wa m'mbali mwa nyanja. Munda ukalephera, wa ku Chiponde amayang'ana ku Mandimba, kumene chimanga cha ku Niassa chimalowera kuno pa njinga ndi pamutu. Mphamvu yake ili pa malire otseguka ndi pa mtengo wa ndalama ya metical. Kwacha ikagwa, nkhokwe yake yachiwiri imatsekeka ngakhale mvula itagwa bwino kutsidyako. Wa kunyanja amadalira nsomba kuti agule ufa, koma chambo cha m'nyanja ya Malombe chidachepa kwambiri kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Amene awerenga matumba a chimanga okha sangaone zimenezi.

Nchifukwa chake MVAC imagawa dziko m'zigawo monga mwa njira zimene anthu apezera chakudya, osati monga mwa malire a maboma okha. Ife tiyesa kuti nzeru imeneyi njabwino, koma iyenera kutsika kufikira pakhomo. Njala ya 1949 itiphunzitsa chifukwa chake: Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za boma la Blantyre, adasonyeza kuti m'mudzi umodzi womwewo ovutika koposa adali akazi amene amuna awo adachoka osabwerera.

Inu alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi muli ndi miyeso imene akulikulu alibe. Lembani kuti ganyu wa tsiku limodzi agula chimanga chochuluka bwanji pa msika wa Chiponde mu October, ndiponso mu February. Lembani mabanja amene agulitsa mbuzi yotsiriza. Ndipo kaundula wa sukulu aonetsa sabata imene ana ayamba kujomba kuti akalime m'minda ya eni.