Kusabereka: abambo nawo akayezetse

Banja likatha chaka chimodzi kapena ziwiri popanda mwana, m'midzi yambiri chala chimaloza mkazi. Apongozi amayamba kunong'ona, ankhoswe amaitanidwa, ndipo mabanja ena amathera pomwepo. Komatu madokotala amati mwa mabanja amene akuvutika kupeza mwana, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la chaka cha 2023 lidasonyeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse amakumana ndi vutoli nthawi ina pa moyo wake.

Ambiri amakhulupirira kuti mwamuna amene amatha kukhala malo amodzi ndi mkazi wake ndiye kuti ndi wobereka. Zoona zake n'zakuti umuna ukhoza kukhalapo koma mbewu zimene zili m'menemo n'kukhala zochepa kapena zofooka.

Mbewu ya mwamuna ndi yaing'ono kwambiri moti imaoneka ndi makina okuza zinthu okha. Ili ndi mutu, khosi ndi mchira. Pakhosipo pali tizigawo pafupifupi 50 mpaka 75 totchedwa mitochondria, tomwe tidakulunga khosilo ngati chingwe. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya injini ya chigayo: timatenga chakudya ndi mpweya wabwino n'kupanga mphamvu yothandiza mchira kupalasa mpaka mbewu ikafike pa dzira la mkazi. Tizigawoti tikawonongeka, mbewu imayenda mofooka kapena imafera panjira.

Monga injini iliyonse, mitochondria amatulutsanso zotsalira zokhala ngati utsi. Zikachuluka, zimawononga khungu la mbewu komanso malangizo a chibadwa amene ali m'mutu mwake. Kusuta fodya, kumwa mowa mwauchidakwa, matenda opatsirana pogonana ndi kutentha kwambiri kwa ziwalo zopanga mbewu zimakulitsa vutoli.

Alimi ayenera kusamalanso ndi mankhwala ophera tizilombo m'munda. M'chaka cha 1977, ku California m'dziko la America, kudadziwika kuti amuna ambiri ogwira ntchito pa fakitale yopanga mankhwala otchedwa DBCP adasiya kubereka. Choncho popopera thonje kapena matimati, mlimi avale zodzitetezera ndipo asambe akangomaliza.

Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti thupi limapanga mbewu zatsopano mosalekeza. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, motero mwamuna amene wasiya fodya kapena walandira chithandizo angayambe kuona kusintha pakatha miyezi itatu.

Apa ndi pamene alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a magulu a m'midzi angathandize. Banja limene latha miyezi 12 osapeza pathupi lilimbikitsidwe kupita kuchipatala, mwamuna ndi mkazi limodzi. Kuyeza umuna sikupweteka. Njira yokayesa mwayi kunja kwa banja kapena kulowetsa fisi m'nyumba imangotsegulira khomo kachilombo ka HIV, pamene vuto lenileni silinadziwike n'komwe.