Galimoto Yopanda Denga: Mvula Ikagwa Mwini Wake Amatani?



Nkhani yathu ya lero ndi ya mtundu wina wa magalimoto amene ambiri a ife tidangowaona pa zithunzi kapena m'kanema: timagalimoto ta mipando iwiri, tatifupi msinkhu, taliwiro, topanda denga. Magalimoto otere adatchuka kwambiri pakati pa 1945 ndi 1980, ndipo ambiri mwa iwo ankapangidwa ku England ndi makampani monga MG, Triumph, Austin-Healey ndi Jaguar. Lero adakalamba, akusowa, ndipo amene ali nawo amawasunga ngati chuma cha pa mtundu. Munthu aliyense akaiona galimoto yotere amafunsa funso limodzi: kodi mvula ikagwa mwini wake amatani?

Funsoli ndi lomveka, makamaka tikakumbukira kuti ku England mvula ilibe nyengo. Imawaza mwezi uliwonse, ndipo kawirikawiri imakhala yamvumbi, yonga ija ya chiperoni imene abale athu a ku Thyolo ndi ku Mulanje amaidziwa bwino. Nanga anthu a dziko lotere adakonderanji galimoto yopanda denga? Choyamba, galimoto yotere imapepuka ndipo siivuta kupanga. Chachiwiri, itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziko la Britain linkafunitsitsa ndalama zakunja, ndipo boma linkagawa chitsulo kwa makampani poyang'ana kuchuluka kwa magalimoto amene kampani iliyonse inkagulitsa kunja. Motero timagalimoto tambiri tinkakwera sitima kupita ku America, kumene madera ena, monga California, amakhala ndi dzuwa pafupifupi chaka chonse. Magalimoto a MGA, amene adapangidwa kuyambira 1955 mpaka 1962, adaposa 100,000, ndipo ochuluka kwambiri adagulitsidwa kunja kwa Britain.

Koma ngakhale kumene dzuwa limachuluka, mvula imagwa ndithu. Ndipo tinene pano poyamba kuti nkhani si ya kunyowa kwa woyendetsa kokha ayi. Munthu akanyowa amakasintha malaya n'kuothera moto. Galimoto ikanyowa m'kati imayamba kuola, ndipo imaola mwakachetechete. Tiyeni tsono tione njira zimene amisiri adapeza zoitetezera.

Njira yoyamba, imene ili yakale koposa zonse, ndi denga la nsalu. Pa magalimoto ena otsika mtengo, kuika dengali kudali ngati kumanga tenti. Taganizirani galimoto ya Austin-Healey Sprite ya mu 1958. Mitambo ikada, woyendetsa ankaima pambali pa msewu n'kutsika. Ankatulutsa timitanda ta chitsulo kuseri kwa mipando, n'kutizika m'malo mwake. Atatero ankatambasula nsalu pamwamba pa timitandato, n'kuyamba kuimangirira kutsogolo ndi kumbuyo, akudina mabatani limodzilimodzi kuzungulira galimoto. Pofika pa batani lomaliza, mvula yamkuntho idali itamuthera ntchito kale. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo amene adalira mphepo yabwino ya galimoto yopanda denga adaliranso ntchito imeneyi.

M'kupita kwa nthawi amisiri adakonza madenga opindika, amene nsalu ndi timitanda take zimakhala zolumikizana, zitagona kumbuyo kwa mipando. Pa luso limeneli anthu a ku Italy adatsogola. Magalimoto a Alfa Romeo Spider ndi Fiat 124 Spider, amene adatuluka mu 1966, adatchuka chifukwa woyendetsa ankatha kukoka denga ali chikhalire pa mpando wake, n'kulikoleka pamwamba pa galasi lakutsogolo.

Denga palokha silikwanira, pakuti mvula yamphepo imalowera m'mbali. Magalimoto monga MG TC, MGA, Triumph TR2 ndi TR3 adalibe magalasi a m'zitseko otsitsa ndi kukweza. M'malo mwake adali ndi mazenera ochotseka, opangidwa ndi pulasitiki woonekera, amene ankasomekedwa pamwamba pa chitseko nthawi ya mvula ndi kusungidwa kumbuyo nthawi ya dzuwa. Pa MGA ndi pa Sprite yoyamba, zitseko zidalibe ngakhale chogwirira chakunja. Munthu ankapisa dzanja pa zenera kuti atsekule cham'kati. Mazenera oterewa ankachita phokoso galimoto ikathamanga, ndipo madzi ankapezabe polowera. Kusintha kwakukulu kudabwera ndi Triumph TR4 mu 1961 ndiponso MGB mu 1962, pakuti magalimoto awiriwa adabwera ndi magalasi enieni okweza ndi dzanja.

Nanga nsalu yake ndi yotani? Kale ankagwiritsa ntchito nsalu ziwiri za thonje zomatidwa pamodzi, pakati pake pali labala wotchinga madzi. Nsalu yotere imaoneka bwino, koma imasuluka pa dzuwa ndipo imachita chuku ikakhalitsa m'chinyezi. Pambuyo pake kudabwera vinyl, imene ili nsalu yokutidwa ndi pulasitiki, yonga ija amakutira mipando ya m'basi. Imeneyi ndi yotsika mtengo ndipo siivuta kutsuka, koma kukazizira imauma gwa n'kufupika, kotero kuti mabatani amakana kufika pa malo ake. Mtundu wachitatu, umene uli wokwera mtengo, ogulitsa amautcha mohair, ngakhale kuti masiku ano umapangidwa ndi ulusi wa m'fakitale, osati ubweya wa mbuzi monga dzinalo likunenera. Uwu ndiwo umapirira dzuwa koposa. Komabe pa madenga onsewa malo ofooka ndi amodzi, ndiwo zenera lakumbuyo la pulasitiki. Likakalamba limasanduka lachikasu, limachita chifunga, kenaka limang'aluka, ndipo woyendetsa saonanso zimene zikubwera kumbuyo kwake.

Njira yachiwiri ndi chinsalu chogona chimene amachitcha tonneau. Liwuli ndi la Chifalansa, ndipo tanthauzo lake ndi mbiya yaikulu ya matabwa yosungiramo vinyo. Lidalowa m'nkhani za magalimoto chifukwa mipando yakumbuyo ya magalimoto oyambirira inkakhala m'malo obulungira ngati mbiya yotere. Chinsalu chimenechi sichiimirira ngati denga. Chimangoyalidwa pamwamba pa mipando, kuchokera pansi pa galasi lakutsogolo mpaka kumbuyo, monga momwe timakutira katundu pa lole ndi lona. Pakati pake pamakhala zipi. Galimoto ikaima, mwini wake amatseka chinsalu chonse, ndipo mipando imatetezeka ku mvula yowaza, ku fumbi, ku dzuwa ndi ku zitosi za mbalame. Akamayenda yekha amatsekula mbali yake yokha, mbali ya mnzake n'kukhala yotseka. Ubwino wake ndi wakuti mpweya wofunda umasungika pansi pa chinsalucho, kotero kuti miyendo imafunda ngakhale mutu uli pa mphepo. Koma tonneau si yankho la mvula yamphamvu. Madzi amadikha pakati pake n'kuyamba kudontha podzera pa zipi.

Njira yachitatu ndi denga lolimba lochotseka, limene Angerezi amaliti hardtop. Limapangidwa ndi chitsulo, aluminiyamu kapena pulasitiki wolimba wosakaniza ndi ulusi wa galasi, ndipo limamangidwa pa galimoto ndi mabauti kapena zokolekera. Ili ndilo limateteza koposa. Limachepetsa phokoso, limasunga kufunda, limavutitsa mbala zimene zikadangocheka nsalu ndi mpeni, ndipo kawirikawiri zenera lake lakumbuyo limakhala la galasi. Lotchuka kwambiri ndi la Mercedes-Benz 230 SL ya mu 1963, limene pakati pake lidali lolowa pang'ono ndipo m'mphepete lidali lokwera. Chifukwa cha maonekedwe amenewa anthu adaipatsa galimotoyo dzina lakuti Pagoda, poifanizira ndi madenga a akachisi a ku Asia. Vuto la denga lolimba ndi kulemera. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga umakwaniritsidwa pamenepa monga momwe ulili, pakuti pamafunika anthu awiri kuti alinyamule. Ndiponso silikwana m'galimoto, kotero kuti likachotsedwa limatsala kunyumba. N'chifukwa chake eni magalimoto ku Ulaya amaliika nyengo yozizira ikayamba, n'kudzalichotsa nyengo yofunda ikabwera.

Njira yachinayi idayesa kutenga ubwino wa mbali zonse ziwiri. Pa Triumph TR4 wogula ankatha kusankha denga limene mbali yake yakumbuyo, pamodzi ndi zenera la galasi, inkakhala yosachotseka, koma gawo la pamwamba pa mitu linkachotseka. Popeza gawo lachitsulolo silinkakwana m'buti, kampaniyo idakonzanso kansalu kopindika koika m'malo mwake, kamene kadatchedwa Surrey. Kampani ya Porsche ya ku Germany idaonetsa njira yofanana nayo mu 1965 pa galimoto yotchedwa 911 Targa, imene idali ndi chitsulo chachikulu chopingasa kumbuyo kwa mipando choteteza anthu galimoto ikagubuduzika. Zaka zimenezo opanga magalimoto ankaopa kuti malamulo a ku America adzaletsa magalimoto opanda denga, koma chiletso chimenecho sichidabwere.

Tsopano tibwerere ku mawu aja tidanena poyamba, akuti galimoto imaola mwakachetechete. Pa galimoto wamba, denga ndi gawo la mphamvu ya thupi lonse, monga momwe mitanda ya pamwamba imagwirira makoma a nyumba. Mukachotsa denga, mphamvu yonse iyenera kuchokera pansi. Galimoto ya MGB ilibe chassis yapadera yonga ya lole. Msana wake ndi pansi pake penipenipo, pamodzi ndi zitsulo zamphako zimene zimadutsa m'munsi mwa zitseko. Madzi akadontha pa denga lakutha amatsikira pa mipando, n'kukalowa pansi pa makapeti. Pamwamba pamauma msanga, mwini wake n'kuganiza kuti zonse zili bwino, pamene pansi pali chinyezi cha milungu yambiri. Dzimbiri limayamba kudya chitsulo kuchokera m'kati, ndipo pofika nthawi imene utoto wayamba kutupa kunja, m'kati mumakhala mutatheratu. Chizindikiro choopsa ndi zitseko zimene zayamba kuvuta kutseka, pakuti zimasonyeza kuti galimoto yayamba kupindika pakati. Pa magalimoto monga MG TC ndi Morgan, amene thupi lake lidakhomedwa pa matabwa a mtengo wa ash, madzi amaoletsa matabwawo. Kukonza zimenezi kumadya ndalama zochuluka kuposa kugula denga latsopano. Ndipo tisaiwale kuti fakitale ya MG ya ku Abingdon idatsekedwa mu 1980, itapanga magalimoto a MGB oposa 500,000. Iliyonse imene yaola yachepetsa chiwerengero cha zotsala.

Choncho chisamaliro chake ndi chotere. Denga la nsalu lisapindidwe lili lonyowa, liyambe lauma lili chiimire. Popinda, zenera la pulasitiki ligone bwino popanda kukwinyika, ndipo ndi nzeru kuyalapo kansalu kofewa kuti lisakandike. Zenera limeneli lisapukutidwe lili ndi fumbi louma. Muyambe mwalitsira madzi. Denga la vinyl limangidwe dzuwa litalifewetsa, osati m'mawa kukuzizira, kuopa kung'amba nsalu pa mabatani. Galimoto ikaima nthawi yaitali, denga likhale lotambasula ndi lomangirira kuti nsalu isafupike. Timizere ta labala ta m'mphepete mwa zitseko ndi galasi tisinthidwe tikauma. Ndipo galimoto ikavumbwa, makapeti achotsedwe n'kuyanikidwa, pansi pake papukutidwe.

Galimoto yoimitsidwa, malo ake abwino ndi galaja youma yopita mphepo. Ngati galaja palibe, chinsalu chofunditsa chikhale chotulutsa mpweya. Kufunditsa galimoto ndi pepala la pulasitiki n'kulakwa, chifukwa chinyezi chochokera pansi chimatsekeredwa m'kati, ndipo utoto umatuluka timatuza.

Kwa amakaniko ndi ena amene galimoto yotere ingawafike m'manja kwathu kuno, pali chinthu chimodzi choti akumbukire. Mdani wa ku England ndi chinyezi chosatha, pamene ife tili ndi adani awiri osinthana. Dzuwa la mwezi wa October limaumitsa nsalu, limaoletsa ulusi wosokera ndipo limapsereza zenera la pulasitiki. Kenaka mvula ikayamba mu November kapena December, imapeza denga litafooka kale, n'kulowa paliponse pamene ulusi waduka. Motero nthawi yoyendera misoko ndi kupita nalo denga kwa wosoka mipando ya magalimoto ndi mvula isanagwe, monga momwe timafolerera nyumba mitambo isanasonkhane. Ndipo mthunzi wa denga la malata umaposa mthunzi wa mtengo, umene umagwetsa utomoni, zipatso ndi zitosi.

Mwaona tsono, omvera, kuti palibe njira imodzi yokwanira nyengo zonse. Tonneau ndi ya masiku a dzuwa ndi fumbi, denga la nsalu ndi la mvula yodzidzimutsa pa ulendo, denga lolimba ndi la nyengo yaitali ya mvula kapena kuzizira, ndipo galaja ndiyo imasunga zonsezi. Amene amasinthanitsa njirazi molingana ndi nyengo, ndi kuyang'ana pansi pa makapeti nthawi ndi nthawi, galimoto yake idzafika m'manja mwa adzukulu ake ikuyendabe.