Kumene ana amaphunzira kuthawa moto usanabuke

Mumzinda wa Tokyo ku Japan muli nyumba zitatu zimene anthu amapitako mwadala kuti akalowe mu utsi. Zili ku Ikebukuro, ku Honjo ndi ku Tachikawa, ndipo amaziyendetsa ndi a nthambi yozimitsa moto ya mzindawo. Kulowa n'kwaulere. Ana amabwera ndi aphunzitsi kapena makolo awo, kudzayeserera ndi manja ndi miyendo zoyenera kuchita moto ukabuka.

Anthu a ku Japan moto amaudziwa kuipa kwake. Pa 1 Seputembala 1923, chivomezi chachikulu chinagwedeza Tokyo ndi Yokohama nthawi yophika chakudya chamasana. Anthu oposa 100,000 anafa, ambiri mwa iwo chifukwa cha moto umene unabuka pambuyo pake. Mpaka lero, tsiku limeneli amalisunga ngati lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Phunziro lalikulu pa malowa lili m'chipinda cha utsi. Ndi kanjira kamdima kokhotakhota, kodzaza utsi wopanga wosavulaza. Mwana amauzidwa kuti awerame, atseke pakamwa ndi mphuno ndi kansalu, dzanja lina likhudze khoma, kenako alondole zizindikiro zobiriwira mpaka potulukira.

Kuweramako kuli ndi chifukwa. Utsi ndi wotentha, choncho umakwera kudenga n'kumadzaza chipinda kuchokera pamwamba kutsika pansi. Mpweya wabwinoko umatsala pafupi ndi pansi. Ndipo m'nyumba yoyaka, ambiri amafa ndi utsi malawi asanawafike. Mu utsimo muli mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, umene umakanirira m'magazi mwamphamvu kuwirikiza ka 200 kuposa okosijeni. Munthu akaupuma amamva mutu ndi chizungulire, miyendo imafooka, amakomoka khomo lili pompo.

Ana a ku Japan amaloweza malamulo anayi: osakankhana, osathamanga, osalongolola, osabwerera. Lomalizali ndi lofunika kwambiri, poti mwana sachedwa kubwerera kukatenga chidole kapena mphaka. Ana aang'ono alinso ndi chizolowezi chobisala kunsi kwa bedi akachita mantha, kumene wowapulumutsa amavutika kuwapeza. Kungowauza pakamwa sikukwanira. Mantha akafika nzeru zimabalalika, koma thupi limakumbukira zimene linachitapo.

Okulirapo amaphunzira kugwiritsa ntchito chozimitsira moto. Pakhoma pamaonetsedwa kanema wa moto ukuyaka m'chipinda. Choyamba n'kukuwa kuti "Moto!" kuti ena amve. Kenako uzule kapini, uloze kapaipi, ufinye chogwirira. Osalozetsa ku malawi, koma patsinde pamene pakuyakapo. Chozimitsira cha ufa cha m'nyumba chimatha m'masekondi pafupifupi 15, motero palibe nthawi yoganizaganiza. Malawi akafika kudenga, aphunzitsi amati usalimbane nawonso: tuluka, itana ozimitsa moto. Ku Japan nambala yawo ndi 119.

Apa ndi pomwe ana amamvetsa kuti moto umadalira zinthu zitatu: choyaka, kutentha ndi okosijeni. Ukachotsa chimodzi, wazima. N'chifukwa chake mafuta ophikira akayaka m'poto sathira madzi. Madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza mafuta oyaka paliponse. Chofunika n'kuzimitsa chitofu ndi kuvundikira potoyo.

Kwathu kuno, kumene makandulo amayaka magetsi akazima ndipo mbaula imalowetsedwa m'nyumba mu Juni kukazizira, maphunzirowa ndi athu ndithu. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa carbon monoxide yemweyo, ngakhale utsi usaoneke. Ndipo zambiri mwa izi sizilira nyumba yapadera. Kholo lingathe kuzimitsa nyale madzulo n'kuyeserera ndi ana kukwawa kuchokera pogona mpaka panja. Banja ligwirizane malo amodzi okumanirana, kuti pasakhale wobwerera kukafuna munthu amene watuluka kale. Mwana adziwe kuti zovala zikagwira moto asathamange: aime, agone pansi, agubuduke. Pamene wapsa pathiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20, osapakapo mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, kenako apite naye kuchipatala.