Mkodzo m'maso ukubweretsa chinzonono pa diso

Matenda a maso ofiira atabuka ku Karonga mu February 2024 n'kufalikira m'maboma ena, anadzutsanso malangizo akale aja akuti mkodzo wa m'mawa umachiza maso. Kuno ku Salima, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, sikovuta kupeza munthu wolumbira kuti unamuthandiza. Sunamuthandize. Maso ofiira a vairasi amatha okha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mkodzowo umangolandira ulemu wa ntchito imene sunagwire.

Choopsa n'chakuti mkodzo umadutsa njira imene mumakhala chinzonono. Anthu ambiri, makamaka amayi, amakhala nacho osamva kupweteka kulikonse. Ndiye wina atunge mkodzo wake, kapena wa mnzake, n'kudonthezera m'diso la mwana! Bakiteriya woyambitsa chinzonono, Neisseria gonorrhoeae, wafika pamenepo. Chala chosasamba chimamufikitsanso.

Mabakiteriya ambiri amadikira kuti diso liyambe lakandika, mwina ndi mchenga kapena mamba a nsomba, kuti apeze polowera. Wa chinzonono sadikira. Ali ndi timaubweya timene amamatira nato pa kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso, n'kulowa m'maselo ake ngakhale palibe bala. Thupi limatumiza maselo oyera a magazi ochuluka, ndipo amenewo ndiwo mafinya otuluka mosalekeza aja: mukapukuta, mphindi zochepa adzazanso, zikope zitatupa mpaka kutsekeka. Nkhondoyo imadya kagalasiko, komwe kuchindikala kwake ndi theka chabe la milimita. M'tsiku limodzi kapena awiri kakhoza kubooka, ndipo diso lotero kawirikawiri silionanso.

Khanda nalo limatengera chinzonono kwa mayi ake pobadwa, mafinya n'kuoneka pakati pa masiku 2 ndi 5. N'chifukwa chake anamwino amapaka tetracycline m'maso mwa mwana akangobadwa. Kumufinyira mkaka wa m'mawere m'maso n'kutaya nthawi imene diso lilibe.



Diso lotuluka mafinya ochuluka lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Chinzonono chimafuna jakisoni wa ceftriaxone, osati madontho a pagolosale, ndipo mwamuna ndi mkazi alandire onse. Kagalasi kakayamba chilonda, chipatala cha boma cha Salima chimatumiza wodwalayo kwa madokotala a maso ku Kamuzu Central ku Lilongwe.