Timu ikapambana mosavuta, mtima wa wochemerera umapuma?

Usiku wa pa 31 Julaye 2018, ochemerera timu ya baseball ya Washington Nationals ku America sanachedwe kudziwa kuti tsikulo linali lawo. Pabwalo lawo la Nationals Park, timuyi inamwetsa New York Mets mapointi 7 m'chigawo choyamba chokha. Pofika kumapeto kwa chigawo chachisanu zinali 19-0. Masewerawo anatha 25-4, ndipo chiyambireni, Mets inali isanakwapulidwepo motere.

Masewera a baseball amakhala ndi zigawo 9. Wina amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga kenako n'kuthamanga, ndipo akadutsa malo atatu n'kubwerera pomwe anayambira ndiye kuti wapeza pointi imodzi. Nthawi zambiri timu imapeza mapointi 4 kapena 5 pamasewera onse. Usikuwo a Mets ataona kuti madzi afika m'khosi, sanafune kutopetsa oponya awo pachabe. M'chigawo cha 8 anapereka mpira kwa José Reyes, yemwe kuponya si ntchito yake, ndipo naye anamwetsedwa mapointi 6.

Kwa eni bwalo unali usiku wamtendere. Panalibe kudziluma zala kapena kutseka maso poopa kuti adani abweza. Kodi thupi la munthu woonera masewera otere limamva chimodzimodzi ndi la munthu amene timu yake ikulimbana mpaka mphindi yomaliza? Akatswiri a za mtima akhala akufufuza nkhaniyi, ndipo zomwe apeza zikukhudza aliyense wokonda timu, kaya ndi ya baseball ku Washington kapena ya mpira wamiyendo pa Kamuzu Stadium.

Wakhala pansi koma mtima ukuthamanga

Munthu akamaonera timu yomwe amaikonda ili pampanipani, ubongo umatenga zimenezo ngati ngozi yeniyeni. Tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, mitsempha ina ya magazi imafinyika, BP imakwera, ndipo magazi amakhala osachedwa kuundana.

Mu 2017, madokotala a ku Montreal m'dziko la Canada anaveka anthu 20 makina oyeza kugunda kwa mtima pomwe ankaonera timu yakwawo ya masewera a hockey. Kwa omwe ankaonera pa TV, kugunda kwa mtima kunakwera ndi 75 peresenti. Kwa omwe anali pabwalo penipeni kunakwera ndi 110 peresenti, ngati munthu amene akuchita masewera olimbitsa thupi amphamvu. Mtima unkathamanga kwambiri pomwe timu ina ili pafupi kugoletsa komanso m'nthawi yowonjezera, pomwe wopambana sanadziwike.

Kwa munthu wathanzi, zimenezi zimadutsa popanda vuto. Koma kwa munthu amene mitsempha ya mtima wake inayamba kale kutsekeka ndi mafuta, kukwera kwadzidzidzi kwa BP kungathe kung'amba mafutawo, magazi n'kuundana pamalopo, njira n'kutsekeka. Gawo la mtima lomwe lasowa magazi limayamba kufa.

Chovuta ndi kusadziwa mathero

Pa mpikisano wa World Cup wa 2006 ku Germany, madokotala a mumzinda wa Munich anawerenga anthu omwe anadwala mtima mwadzidzidzi. Pamasiku omwe Germany inkasewera, chiwerengerocho chinali chochuluka kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa masiku wamba, ndipo kwa amuna chinapitirira katatu. Ambiri ankadwala m'maola awiri oyambirira masewera atayamba. Pafupifupi theka la odwalawo anali anthu omwe ankadziwika kale kuti ali ndi vuto la mitsempha ya mtima.

Masiku ovuta kwambiri anali awiri: pomwe Germany inapambana Argentina pamapenate, ndi pomwe inagonja kwa Italy kumapeto kwenikweni kwa nthawi yowonjezera. Tsiku lina anapambana, lina anagonja, koma odwala anachuluka masiku onse awiri. Pamasewera olimbirana nambala yachitatu, omwe Germany inapambana Portugal 3-1, chiwerengero sichinakwere motero. Ofufuzawo anaona kuti chomwe chimapweteka mtima si kupambana kapena kugonja, koma kukhala mtima uli m'mwamba kwa nthawi yaitali.

Ku England nako, timu ya dzikolo itagonja kwa Argentina pamapenate pa 30 Juni 1998, anthu ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha ya mtima anachuluka ndi 25 peresenti tsikulo ndi masiku awiri otsatira. Patatha masiku 12, France inakwapula Brazil 3-0 pakhomo n'kutenga chikhocho, ndipo tsiku limenelo amuna omwalira ndi vutoli ku France anachepa poyerekeza ndi masiku oyandikana nalo.

Tikatengera zimenezi, anthu omwe anali pa Nationals Park usiku uja anapeza chisangalalo chotsika mtengo kumbali ya mtima. Nkhawa inatha msanga, chinatsala ndi kuseka, kuimba ndi kucheza ndi anzawo. Baseball ilinso ndi mwambo wabwino: pakati pa chigawo cha 7, bwalo lonse limaimirira, anthu n'kudziwongola.

"Tapambana" ndi "agonja"

Kupambana kwa timu kumafika mpaka pa momwe munthu amadzionera. Mu 1976, katswiri wa kaganizidwe ka anthu Robert Cialdini ndi anzake anapeza kuti ophunzira a m'mayunivesite a ku America ankavala kwambiri zovala za sukulu yawo Lolemba timu yawo ikapambana kumapeto kwa sabata. Ankakondanso kunena kuti "tapambana", koma zikavuta ankati "agonja". Aliyense amene anakhalapo m'minibasi mawa lake Bullets ndi Wanderers zitakumana akudziwa zimenezi.

Zimakhudzanso mbale. Kafukufuku wa mu 2013 pa ochemerera mpira wa ku America anapeza kuti timu ikagonja Lamulungu, anthu a mumzinda wake ankadya mafuta oundana ochuluka ndi 16 peresenti Lolemba. Ikapambana ankachepetsa ndi 9 peresenti.

Ngozi ili pachikondwerero

Komabe kupambana si katemera. Ku Montreal komwe kuja, kafukufuku wina wa mu 2018 anapeza kuti timu ikapambana pakhomo, amuna osakwana zaka 55 ofika kuchipatala ndi mitsempha ya mtima yotsekeka ankachuluka ndi 40 peresenti tsiku lotsatira. Ofufuzawo anakayikira zomwe zimatsagana ndi chisangalalo: mowa wambiri, fodya, zakudya zamafuta ndi kusagona.

Kugonja nako kuli ndi mbali yomwe makolo ayenera kuidziwa. Mu 2011, akatswiri David Card ndi Gordon Dahl anaunika malipoti a apolisi ku America ndipo anapeza kuti timu yomwe anthu ankayembekeza kuti ipambana ikagonja, nkhanza za amuna kwa akazi awo m'nyumba zinkakwera ndi pafupifupi 10 peresenti m'dera la timuyo. Ana amaona zonsezi. Mwana amene amaona bambo ake akugonja n'kumasekabe ndi anzawo a timu ina amaphunzira kulandira zowawa. Amene amathawira kuchipinda timu ikagonja amaphunzira mantha.

Zoyenera kuchita

Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti kuno ku Malawi, munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Choncho pabenchi iliyonse ya m'nyumba yoonetsera mpira pamakhala anthu omwe ali pachiopsezo.

Ngati ndinu wokonda masewera, kayezetseni BP. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira apo mobwerezabwereza, mukufunika thandizo la kuchipatala. Ngati munapatsidwa mankhwala, imwani ngakhale tsiku la masewera, musawasiye pofuna kumwa mowa. Chepetsani mchere, pakuti bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Pa nthawi yopuma imirirani, yendani pang'ono, imwani madzi. Ngati muli ndi vuto la mtima ndipo masewera afika pamapenate, palibe manyazi kutuluka panja n'kudzamva zotsatira kwa anzanu.

Mavolontiya a zaumoyo aphunzitse anthu zizindikiro izi: kupweteka kapena kulemera pachifuwa kosatha kwa mphindi zingapo, ululu wofalikira kumkono, kunsagwada kapena kumsana, thukuta lozizira, kubanika ndi nseru. Kwa amayi, okalamba ndi odwala shuga, chifuwa sichingapweteke kwenikweni, mwina amangomva kubanika ndi kufooka. Zizindikiro za sitiroko ndi kupindika kwa pakamwa, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi, ndi kulephera kuyankhula bwino.

Munthu akaonetsa chimodzi mwa izi, mukhazikeni pansi, mumasuleni zovala zothina ndipo pezani galimoto kapena njinga yopita naye kuchipatala nthawi yomweyo. Asayendetse yekha, ndipo musamupatse mowa kapena kumulola kuti akagone kaye. Akanena kuti adikire masewera athe, musamvere. Zigoli adzazimva ali kuchipatala.