Kabokosi ka Intaneti Sikafuna Kubisidwa Kudenga

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino ndati tikambirane za mlendo amene walowa m'makomo mwathu ambiri, kabokosi kolandira intaneti kamene ana athu akatchula rauta. Ambiri tinakalandira osakamvetsa. Mwana ali ku Johannesburg atumiza ndalama nati, "Amayi, gulani kuti tizilankhulana pa WhatsApp." Kabokosi kagulidwa, bandulo ilipiridwa, koma nkhope ya mdzukulu ingoti njo pa foni, mawu nadukaduka. Mlandu wonse tiupereka kwa a kampani, chonsecho kawirikawiri cholakwa ndi malo amene takaika.

Mayi wina wa m'gulu lathu anandidandaulira zotere pamene tinali kusoka. Amuna awo, poopa akuba ndi ana osewera, anakwera pa makwerero naika kabokosiko m'kati mwa siling'i, pansi penipeni pa malata. Iwo ankati chinthu chikakhala pamwamba chikoka bwino, monga eriyo ya wailesi ija tinkaimangirira ku nsungwi kale. Mwezi wathunthu banja lija linalipira bandulo yosadyeka, ndipo mwana wawo wa Folomu 4 ankachita kukaima kumseu usiku kuti alandire zophunzira. Mwana wamkazi, pamseu, usiku! Apa m'pamene mtima wanga unawawa.

Bambo aja sanalakwe kotheratu. Kukwera n'kwabwino, koma anaiwala malata. Intaneti ya mtundu uwu ifika ndi mafunde osaoneka, ofanana ndi a wailesi, ochokera ku nsanja zazitali zija za Airtel kapena TNM. Mafundewa apyola bwino nsalu, galasi wamba ndi matabwa, afooka akakumana ndi khoma la njerwa zootcha kapena konkire, koma akagunda chitsulo abwerera. Tsono kuika kabokosi pansi pa malata kuli ngati kuvundikira nyali ndi poto. Ku Ulaya ndi ku America anthu aikadi milongoti yawo m'chipinda cha kudenga, pakuti madenga ambiri kumeneko ndi a matabwa, matailosi ndi zofolera zina zosakhala zachitsulo, ndipo ngakhale kumeneko mphamvu ina itayika. Ana athu aona zimenezi pa YouTube natengera, osayang'ana denga la kwawo. Inu a nyumba za udzu musadzichepetse pa nkhani iyi: denga lanu lilola mafunde kupyola kuposa la mnansi wanu wa malata, ngakhale kuti udzu ukanyowa uchepetsako mphamvu.

Kudengako kuli adani enanso. Mukudziwa m'mene kutenthera mwezi wa Okutobala. Timabokositi tambiri tinapangidwa kuti tigwire ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa malata masana kupyola pamenepo. Kabokosi kakatenthedwa kayamba kuzima kokha, mapeto ake kafa msanga. Makoswe nawo sasiya nthambo. Ndipo kodi kakafuna kuzimitsidwa ndi kuyatsidwanso bambo ali kuntchito, adzakwera ndani? Siling'i sinyamula munthu, ndiponso nthambo za magetsi za nyumba yonse zidutsa momwemo.

Nanga tikaike pati? Apa ndipo pali ntchito yanu, pakuti nyumba muidziwa ndinu. Mudziwa kale pangodya pamene foni imveka bwino, pamene mumathamangirako achimwene akaimba. Tengani foni yokhala ndi simu ya kampani yomweyo ya kabokosi, muyende chipinda ndi chipinda, muime pa zenera lililonse kamphindi, mukuwerenga timizere ta netiweki. Zenera loyang'ana kumene kuli nsanja ndilo lipambana kawirikawiri. Pomwepo pempheni abambo akhome kashelefu, kotalika ndi mutu wa munthu wamkulu, kuti ana asafikire, komanso kotsikirako ndithu kuchokera ku malata. Mukatero yesani masiku awiri kapena atatu, m'mawa ndi madzulo, musanakhazikitse mtima. Muyesenso mvula ikagwa mitengo itaphuka, chifukwa masamba a mango onyowa atchinga mafunde amene ankadutsa bwino m'chilimwe.

Za akuba musade nkhawa kwambiri. Katani sitchinga mafunde. Kabokosi kakhoza kukhala kuseri kwake osaoneka ndi wodutsa panja. Chimene chivuta ndi waya wachitsulo wotchinga udzudzu, amene afooketsa mphamvu kwambiri kuposa zitsulo zotalikirana za pazenera. Ngati mazenera anu onse ali ndi waya wotere, yesaninso pakhoma loyandikana ndi khomo.

Pano ndidzudzule ife amayi tomwe. Tikonda ukhondo, ndipo chinthu cha nthambo chitinyansa m'maso. Ndaona kabokosi katatsekeredwa m'kabati pamodzi ndi mapoto, kena kuseri kwa wailesi yakanema, kena pamwamba pa filiji katafundidwa kansalu koluka. Kansaluko katseka timabowo totulutsira kutentha. Chitsulo cha filiji, kalilole wamkulu, ngakhale mgolo wodzaza madzi, zonsezi zisokoneza mafunde. Kumbukirani kuti kabokosika kali ndi ntchito ziwiri: kulandira kuchokera ku nsanja, ndi kugawira mafoni a m'nyumba kudzera pa Wi-Fi. Kakabisika, ntchito zonse ziwiri zilephereka. Ngati mafoni anu aonetsa maina awiri, lina la 2.4 GHz ndi lina la 5 GHz, dziwani kuti loyambalo lipyola makoma bwino nifika kuchipinda ndi kukhitchini, pamene lachiwirilo lithamanga koma lifuna muli pafupi.

Kuli midzi ina ya kuseri kwa mapiri kumene zenera lililonse likana. Kumeneko mpofunika mlongoti wa panja, womangidwa pamwamba pa denga, nthambo yake nilowa m'nyumba, ngati kabokosi kanu kali ndi polumikizira. Nthamboyo ikhale yaifupi, chifukwa mphamvu ithera m'njira. Ntchito imeneyi si ya mnyamata wa pakhomo. Itanani mmisiri wodziwa kulumikiza waya wopita pansi, pakuti m'dzinja mphenzi sisankha. Mbale ya Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, iyo ndiye siyenera m'nyumba n'komwe, popeza ilandira kuchokera ku masetilaiti ndipo ifuna kuona thambo poyera.

Mayi uja anapita kukalankhula ndi amuna awo, mwaulemu, atatha kudya. Loweruka lake bambo anatsitsa kabokosiko kali fumbi lokhalokha, nthambo yake itayamba kale kudyedwa ndi makoswe. Lero kali pa kashelefu ka pazenera la kum'mawa, kuseri kwa katani, ndipo mtsikana uja awerengera pa tebulo la pabalaza.